Mafuta a mu mtedza amachokera ku mbewu kapena ku feteleza? Yankho kwa mayi a ku Mitundu

Funso lachokera kwa mayi ena a ku Mitundu omwe ali mu gulu lofinya mafuta ophikira. Akuti: "Tikagula mtedza wa CG7 timapeza mafuta ambiri kusiyana ndi Chalimbana chonsecho alimi ake ndi omwewo, minda yoyandikana. Ena pagulu pathu akuti tiwauze alimi azithira feteleza wambiri kuti mafuta achuluke. Komanso chiponde chathu chikakhala miyezi ingapo chimayamba kununkha ndi kukanda pakhosi. Tamva za mtedza wa high oleic, kodi si GMO umenewo?"

Zikomo mayi, ndiyambe ndi za fetelezazo chifukwa ndi zomwe zingakudyereni ndalama msanga. Anzanuwo auzeni kuti ayi. Mafuta ophikira amapangidwa ndi zinthu zitatu zokha, carbon, hydrogen ndi oxygen, ndiye kuti mpweya womwe masamba amakoka, madzi ochokera ku mizu, ndi dzuwa lomwe limayendetsa ntchito yonseyo. Nayitrojeni, yemwe ndi chakudya chenicheni cha mu yuriya ndi CAN uja, mu mafuta mulibemo olo pang'ono. Iyeyo amapita ku mapuloteni. Pa mpendadzuwa zimaonekeratu, mukathira nayitrojeni wopyola muyezo mapuloteni amakwera peresenti ya mafuta nkutsika. Ndipo mtedza paja umadzipangira wokha nayitrojeni kudzera mu timibulu ta kumizu tija, nde mukauthira yuriya wambiri mungokolola masamba obiriwira bwino oti mbuzi zisangalale. Chomwe mtedza umafuna kwambiri ndi phosphorus, komanso calcium m'dothi momwe muli makoko chifukwa khoko limayamwa lokha calcium kuchokera mu dothi lolizungulira, sadikira wochokera ku mizu. Ndi chifukwa chake alangizi amanena za gypsum, ufa wothira m'munda wokhala ndi calcium, nthawi ya maluwa maka pa mtedza wa njere zikuluzikulu. Koma olo gypsum yo sikuti ikusintha Chalimbana kukhala CG7, ikungothandiza kuti makoko asakhale opanda kanthu m'kati.

Kusiyana komwe mukukuonako kuli mu chibadwa cha mbewu, zomwe asayansi amati majini. Osati majini ogwira anthu aja ayi, awa ndi malangizo olembedwa mu DNA ya selo iliyonse. Chosangalatsa nchoti tsamba la mtedza, muzu, duwa, zonse zili ndi majini omwewo opangira mafuta, koma mukafinya masamba simupeza mafuta okazingira mandasi. Pang'ono alipo, selo iliyonse ya chomera imakutidwa ndi kachikopa kopangidwa ndi mafuta, ndipo phula lomwe limapangitsa madzi kuterera pa tsamba la nthochi kapena la kabichi ndi la banja lomwelo. Koma kuunjika mafuta ngati nkhokwe zimachitika mu njere, chifukwa mafutawo ndi kamba wa paulendo wa kambewu kakamamera kasanatulutse masamba oti kadzidyetse kokha. Ndiye funso lenileni ndi loti amene amalamula kuti fakitale itsegulidwe mu njere osati mu tsamba ndani, ndipo amalamula kuti igwire ntchito mwamphamvu bwanji.

Fakitaleyo ili chonchi. Shuga wochokera ku masamba akafika mu njere amaphwanyidwa nkulowa mu tizipinda tina ta mu selo totchedwa plastid. Pakhomo pa ntchito yonse pali enzyme ya ACCase (ma enzyme ndi mapuloteni omwe amagwira ntchito ngati antchito a mu selo), iyi ndi yomwe imayamba kukonza tizidutswa tomangira. Kenaka gulu lina la ma enzyme limalumikiza ma carbon awiriawiri ngati mukutunga mikanda mpaka chingwe chifike 16 kapena 18. Apa ndipatuke pang'ono, alimi a soya ndi mtedza omwe amapopera Fusilade kuti aphe udzu, mankhwala amenewo amakatseka ACCase yomweyi. Udzu uli ndi mtundu wa ACCase womwe mankhwalawo amaugwira, mtedza ndi soya zili ndi mtundu wina mu plastid, nde udzu umafa chifukwa walephera kupanga mafuta a tizikopa ta maselo ake pomwe mtedza uli phee. Chimanga nacho ndi udzu, musayerekeze kupopera mmenemo.

Chingwe cha ma carbon 18 chija chikatha, enzyme ina imachipinda malo amodzi, icho chimakhala oleic acid, dzina limeneli mulisunge tibwereranso. Zingwezi zimatuluka mu plastid kupita mbali ina ya selo komwe zimamangiriridwa zitatuzitatu pa kachinthu kotchedwa glycerol, ngati mafuwa atatu pansi pa mphika umodzi, ndipo yomwe imaika lachitatu lomaliza ndi enzyme ya DGAT. Akatero ndiye mafuta enieni omwe mumathira mu botolo. Pomaliza mapuloteni otchedwa oleosin amakuta mafutawo m'timadontho ting'onoting'ono kuti asaphatikizane. Ntchito ya makina anu aja ndi kuphulitsa timadontho timeneti basi, nchifukwa chake mtedza wofunditsidwa pang'ono umatulutsa mafuta mosavuta kusiyana ndi wozizira.

Enzyme iliyonse yomwe ndatchulayi ili ndi jini yake. Koma pamwamba pawo pali akapitawo, majini omwe sagwira khasu, ntchito yawo ndi kudzutsa anzawo. Wodziwika kwambiri ndi WRINKLED1, mwachidule WRI1. Anamutulukira mu 1998 a Nicole Focks ndi a Christoph Benning pa kachomera kakang'ono ka Arabidopsis, kachibale ka mpiru komwe asayansi amakonda kuyeserapo zinthu chifukwa kamakula msanga. Anapeza mbewu ina yomwe njere zake zinali zamakwinya, ataziyeza mafuta anali atatsika ndi pafupifupi 80 peresenti, chonsecho jini yomwe inawonongeka ndi imodzi yokha. Mu 2004 anaipeza jiniyo pomwe ili nkuona kuti siyopanga mafuta mwachindunji, ndi kapitawo wodzutsa majini ophwanya shuga ndi otunga mikanda aja nthawi imodzi. Naye ali ndi mabwana ake, LEC1, LEC2, FUS3 ndi ABI3, omwe amauza selo kuti iwe ndiwe njere tsopano yamba kusunga chakudya. Mu tsamba mabwana amenewa ali mtulo.

Ife a ku Lilongwe kwawo kwa fodya nkhani iyi itikhudze. Asayansi a bungwe la CSIRO ku Australia anatenga fodya nkumuika WRI1, DGAT1 ndi oleosin kuti zizigwira ntchito mu masamba, wina wokankha shuga kulowa mu fakitale, wina wokoka kumapeto, wina wolondera kuti mafuta asaphwanyidwenso. Mu 2014 analengeza kuti masamba ouma a fodyayo anali ndi mafuta opyola 15 peresenti, pomwe tsamba wamba limangokhala ndi kadontho chabe. Ameneyo ndiye GMO weniweni, chomera chomwe achiika majini mu labu, ndipo simumupeza ku Kanengo, ndangomutchula kuti muone kuti chimene chimaletsa tsamba kukhala ndi mafuta si dothi kapena feteleza, ndi lamulo la m'kati.

Nde mwina mukuti bwanji osangokweza WRI1 yo mu Chalimbana nkhani ithe. Apa ndi pomwe pali vuto. Kuwononga ndi kophweka, jini imodzi ikafa mafuta amagwa. Koma kusiyana kwa mitundu iwiri ya mtedza yomwe yonse ili bwinobwino sikuchokera pa jini imodzi, kumachokera pa majini ambirimbiri, ina yawonjezera pang'ono apa, ina yachotsa pang'ono apo, ena okhudza kukula kwa njere, ena kutalika kwa nthawi yokhwimira, ena kagawidwe ka shuga pakati pa mafuta ndi mapuloteni. Umboni wake wabwino uli ku University of Illinois ku America. Mu 1896 a Cyril Hopkins anayamba kusankha chimanga chamafuta ambiri chaka ndi chaka, akubzala chokhacho chomwe chapambana. Chinayambira pa mafuta ochepera 5 peresenti, patadutsa mibadwo ya chimanga pafupifupi 100 chinafika cha m'ma 20 peresenti. Akanakhala kuti wolamula ndi jini imodzi bwenzi zitatha m'zaka zisanu, koma chinkangokwerabe pang'onopang'ono anthu akumwalira ena nkupitiriza. Ku Russia nako a Vasily Pustovoit anathera moyo wawo wonse ku Krasnodar akusankha mpendadzuwa, kuuchotsa cha m'ma 30 peresenti kufika cha m'ma 50, ndipo mpendadzuwa wamafuta omwe dziko lonse likulima lero unapindula ndi ntchito imeneyo.

Chinanso, mafuta ndi odula kwa chomera. Shuga yemwe angapange kilo imodzi ya mafuta akhoza kupanga makilo opyola awiri a sitalichi. Ndi chifukwa china chomwe ekala ya mtedza singafanane matumba ndi ekala ya chimanga olo mutaisamala bwanji, ndipo pa soya obereketsa mbewu amadziwa kuti ukakoka mafuta kukwera mapuloteni amatsika, chofunda chake nchachifupi, ukafunda kumutu miyendo ili pamtunda.

CG7 inatulutsidwa kuno mu 1990 kuchokera mu ntchito ya ICRISAT, bungwe lofufuza za mbewu, ndi boma pa Chitedze, kunjira ya ku Mchinji uko, komwe ICRISAT inakhazikika kuyambira 1982. Mafuta ake amafika pafupi ndi theka la kulemera kwa njere, Chalimbana amatsalira ndi mapointi angapo. Chalimbana sikuti ndi mtedza woipa, anthu anaukondera kukula kwa njere ndi kukoma kwake pokazinga ndi potendera, ndipo amayi ambiri amadandaula kuti CG7 posinja imagwirana msanga mu mtondo, chomwe kwa inu ofinya ndi nkhani yabwino. Mapointi atatu kapena anayi akumveka ochepa koma werengani, pa makilo 100 a mtedza woswa ndi makilo 3 kapena 4 a mafuta, ndipo poti mafuta ndi opepuka kuposa madzi kilo imodzi imapyola lita pang'ono, ndiye pa matani angapo pa chaka ndi zigubu zingapo zomwe mwapeza popanda kuwonjezera magetsi kapena antchito.

Mbewu imaika denga, koma kufika pa dengapo ndi nkhani ya kumunda, ndipo kumbali imeneyi ine ndimaona kuti timataya mafuta ambiri kuposa omwe timakangana pa mitundu. Njere imayamba yadzaza madzi ndi shuga, mafuta amabwera ikamakhwima. CG7 imafuna masiku 130 mpaka 150. Mlimi akabzala mochedwa chifukwa anayamba wathana ndi chimanga ndi fodya, mvula nkudukiza mu Malichi, kapena wakumba msanga kuopa akuba kapena kuthamangira mavenda, majini onse aja anali okonzeka koma fakitale yatsekedwa masana. Njere zonyala zija mafuta ake ndi ochepa ndipo amawonongeka msanga. Pogula muziswa makoko angapo, wokhwima m'kati mwa khoko mumakhala mwakuda kapena mwa madontho oderapo, mukapeza moyera mbee dziwani kuti mukugula madzi. Matenda a kadukutu ndi a madontho a pamasamba nawo amadula shuga wopita ku njere, masamba akayoyoka msanga fakitale ilibe zopangira.

Tsopano za chiponde chonunkha, apa nkhani ikutembenuka ndipo ndi gawo lomwe ine limandikoma. Kuchuluka kwa mafuta kuli m'manja mwa khamu la majini, koma mtundu wa mafuta nthawi zambiri uli m'manja mwa jini imodzi kapena ziwiri basi. Oleic acid uja wopindika malo amodzi, pali enzyme yotchedwa FAD2 yomwe imamutenga nkumupindanso kachiwiri, akatero wasanduka linoleic acid. Malo opindikawo ndi pomwe mpweya umagwira, ndipo linoleic amawonongeka ndi mpweya mwachangu maulendo khumi kapena kupyola kusiyana ndi oleic. Fungo lomwe mukulimva ndi kukanda pakhosi kuja kwambiri ndi linoleic amene waphwanyika. Mtedza wamba oleic amakhala cha m'ma theka, linoleic cha pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi, kutengera mtundu.

Mu 1987 ofufuza a ku University of Florida akuyeza mitundu ya mtedza yomwe anali nayo anapeza umodzi, F435, womwe oleic anali pafupifupi 80 peresenti, linoleic cha m'ma 2 peresenti, woterewu ndiye umatchedwa high oleic. Palibe anauika kalikonse, FAD2 yake inawonongeka yokha mwachilengedwe monga zimachitikira kuti mu khola la nkhuku zakuda mwaswedwa yoyera. Chomwe chinapangitsa kuti ukhale wosowa nchoti mtedza unabadwa ku South America kuchokera ku zitsamba ziwiri zakutchire, Arachis duranensis ndi Arachis ipaensis, ndipo unasunga majini a makolo onse awiri, nde uli ndi FAD2 ziwiri, FAD2A ndi FAD2B. Imodzi ikafa inzake imapitiriza ntchito, ngati nyumba ya zitseko ziwiri, mpaka zonse zitsekeke ndi pomwe oleic amaunjikana. Mukakwatitsa mtedza wa high oleic ndi womwe FAD2 zonse zili zamoyo, ana oyamba sakhala high oleic, pa zidzukulu ndi imodzi yokha mwa 16 yomwe imatuluka high oleic. Mwamwayi mitundu yambiri ya gulu la Virginia, la njere zikuluzikulu lochedwa kucha, ili kale ndi FAD2A yakufa, pamenepo imakhala imodzi mwa zinayi. Ndi chifukwa chakenso mtedza wa Virginia kawirikawiri umakhala ndi oleic wochulukirapo kusiyana ndi wa gulu la Spanish wocha msanga ngati Kakoma ndi Baka. Masiku ano obereketsa mbewu sadikira kukolola, amadula kachidutswa ka tsamba kapena ka njere nkukayeza DNA mu labu kuti adziwe mbande zoti asunge. Kuyeza sikusintha kanthu, kuli ngati kuyezetsa magazi. Mtundu woyamba wa high oleic ku America, SunOleic 95R, unatuluka mu 1995, ndipo ku India anatulutsa Girnar 4 ndi Girnar 5 kuchokera mu ntchito ya ICRISAT, zonsezi ndi zokwatitsa mungu basi.

Nde yankho ndi loti mtedza wa high oleic si GMO. Pa soya ndi pomwe pali zosakanikirana, alipo wa high oleic wotchedwa Plenish yemwe ndi GMO, ndipo mu 2019 kampani ya Calyxt inayamba kugulitsa mafuta a soya yemwe FAD2 zake zinadulidwa dala mu labu. Jini yake ndi yomweyo, njira zofikira ndi zosiyana. Kuno kwathu mbewu za GMO zimayendera lamulo la Biosafety Act la 2002, sizingolowa ngati kaunjika. Ine maganizo anga ndi oti mawu oti GMO tawasandutsa chilombo choopsezera ana, mbewu iliyonse yatsopano olo ya hybrid wamba anthu akuti GMO, mpaka kukana zinthu zomwe agogo athu akanazilandira ndi manja awiri.

Kuti jini imodzi ingasinthe mafuta onse si za mtedza wokha. Nsatsi zomwe zimamera pa dzala zili ndi m'bale wake wa FAD2 yemwe m'malo mopinda chingwe amamatapo kachidutswa kena, zotsatira zake ndi mafuta onata aja omwe pafupifupi 90 peresenti ndi ricinoleic acid, abwino kudzola koma osaphikira. Canola naye ndi rapeseed, mbewu ya mafuta ya banja la mpiru, yemwe a Baldur Stefansson ndi a Keith Downey ku Canada anamuchotsa erucic acid, mtundu wa mafuta osafunika mu chakudya, posankha mbewu zomwe jini ya FAE1 sigwira ntchito, mtundu wa canola wotchedwa Tower unatuluka mu 1974.

Nyengo nayo imalowererapo. FAD2 imagwira ntchito kwambiri kukamazizira, chifukwa chomera chimafuna mafuta osagwirana msanga kuti tizikopa ta maselo tisaume gwa. Pa mpendadzuwa zimaoneka kwambiri, mbewu yomweyo ikakhwimira kozizira imakhala ndi linoleic wambiri, kotentha oleic amakwera. Ndiye mpendadzuwa wa ku Dedza kumapiri ndi wa ku Salima kunyanja, olo thumba la mbewu likhale limodzi, mafuta ake sangafanane ndendende.

Pakadali pano chiponde chanucho mukhoza kuchitalikitsa moyo ndi mtedza womwe muli nawo. Sankhani kuchotsa njere zonyala ndi zosweka, zosweka zija mpweya unayamba kale kuzidya zili mu thumba. Mtedza muziusunga ndi makoko mpaka nthawi yogwiritsa ntchito, ndipo chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti asavute kuswa chija chilekeni, komanso musagule kwa ochita zimenezo. Musapsereze pokazinga, dzazani mabotolo mpaka kukamwa kuti mpweya usatsale wambiri, musawayanike padzuwa pa benchi ya kumsika tsiku lonse, ndipo makina muziwatsuka chifukwa mafuta akale otsalira m'makona amayambitsa atsopano kuwonongeka. Chitsulo cha dzimbiri ndi kopa nazo zimafulumizitsa zimenezi. Chimodzi ndichenjeze, kununkha kwa mafuta ndi chuku ndi nkhani ziwiri zosiyana. Poizoni wa aflatoxin amachokera ku nkhungu ya Aspergillus, samveka fungo nthawi zonse, kukazinga sikumutha, ndipo high oleic samuletsa. Nditayendera gulu lina kufupi ndi kuno ndinapeza njere zowola zomwe anasankha pa mtedza wogulitsa ndi zomwe akusinja chiponde cha ana kunyumba, mtima unandipweteka, zimenezo ndi zotaya, olo nkhuku musazipatse.

Za mbewu yobwereza, mtedza umadzipatsa mungu wokha duwa lisanatseguke bwino, choncho CG7 mukaibzalanso imakhalabe CG7, majini ake sathawa. Chomwe chimaononga ndi kusakaniza, pa sikelo ya venda thumba lolembedwa CG7 limakhala ndi mitundu itatu, mlimi nkubzala zomwezo, patapita zaka anthu nkumati mbewu yatopa. Mpendadzuwa ndi wosiyana, njuchi zimasakaniza mungu kuchokera minda ina, ndipo ukakhala wa hybrid mukaubwereza ana ake amabalalika, ena mafuta ambiri ena makoko okhaokha, umenewo muzigula watsopano. Ngati gulu lanu likufuna mafuta okhazikika, gwirizanani ndi alimi angapo odziwika, muwapezere mbewu yovomerezeka, za mitundu yatsopano yomwe yatulutsidwa mukafunse ku Chitedze kapena kwa alangizi a ku EPA kwanu, Bunda nayo muli nayo pafupi pomwepo.

Musanakangane za mtengo wogulira, chitani kayeso aka pa makina anu omwewo. Makilo 20 a CG7 wokhwima, makilo 20 a Chalimbana wokhwima, ndi makilo 20 a CG7 wa njere zonyala zomwe mwasankha, zonse zoumitsidwa mofanana, mufinye tsiku limodzi wofinya akhale mmodzi, makina atayamba atentha kale kuti woyamba kulowa asaponderezedwe. Muyeze mafuta pa sikelo osati ndi maso, keke yotsalayo muiyezenso, mulembe mu kope. Mukatero munditumizire manambalawo tiwerengere limodzi kuti kilo ya mtundu uliwonse ikuyenera kugulidwa pa mtengo wanji.